Siliva wa m'miphika yosefera madzi: lipoti la nsomba zomwe zinafera m'beseni kufupi ndi Linthipe

Madandaulo awiri anandipeza sabata imodzi, kumayambiriro kwa chaka cha 2023, dzinja lija kolera anavuta dziko lonse. Onse anachokera m'mudzi umodzi wa kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, kumene ndimayendera zitsime, mijigo ndi zipangizo zosefera madzi. Loyamba linali la bambo wina woweta nsomba: mbewu yake ya makumba, tiana ta nsomba, inafera m'beseni usiku umodzi. Lachiwiri linali la pakhomo pena pomwe ana awiri anatsegula m'mimba chikhalirecho banjalo limamwa madzi osefa. Poyamba ndinazitenga ngati nkhani ziwiri zosiyana, ndipo m'kope langa ndinazilemba pamasamba osiyana. Zinadzakumana pa chinthu chimodzi, siliva amene timapaka miphika yosefera madzi kuti azipha tizilombo. Kwa bambo uja siliva anali ndi mphamvu yopitirira muyeso, pomwe pakhomo paja anali atachokeratu mumphika. Ndalemba lipotili kuti anzanga ogwira ntchito za madzi aone mmene mankhwala amodzimodzi amasinthira kutengera madzi omwe agweramo.

Mankhwalawo ndi kumene amachokera

Mphika wosefera madzi ndi wadothi losakaniza ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Akauwotcha mu uvuni, utuchi uja umapsa n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye madzi amadontha pang'onopang'ono kulowa mundowa ya mpopi yomwe ili pansi pake. Nzeruyi inachokera ku Guatemala, kwa Fernando Mazariegos, mu 1981, ndipo bungwe la Potters for Peace ndi lomwe linaifalitsa m'maiko ambiri. Njira yawo yodziwika ndi yoti pa mphika uliwonse munthu atenge mamililita 2 a mankhwala okhala ndi siliva wokwana 3.2 peresenti, asakanize ndi madzi pafupifupi kapu imodzi, n'kupaka mkati ndi kunja ndi burashi. M'mudzi uja ntchito yopakayi inkagwiridwa ndi gulu la amayi pa shedi ina kumtunda kwa dambo.

Siliva wa m'mankhwalawa sali ngati wa ndolo kapena makobidi akale. Ndi tizidutswa tating'ono kwambiri tomwe asayansi amati nanoparticles, tosaposa mananomita 100 kukula kwake. Milimita imodzi ya pa rula ili ndi mananomita 1,000,000. Tikakhala tambiri m'botolo timaoneka toderako ngati tiyi wowirira, ndipo tikasukulutsidwa ndi madzi timasanduka tachikasu. Mtundu wachikasuwu ndi wothandiza kwa munthu wopanda makina, chifukwa umaoneka pokhapokha tizidutswato tili tokhatokha komanso tikadali siliva weniweni. Tikagwirana, tikasungunuka kapena tikakutidwa ndi chinthu china, mtundu umasintha.

Chomwe chimapha tizilombo kwenikweni ndi siliva wosungunuka, amene amalembedwa kuti Ag+. Tizidutswa tija ndi nkhokwe chabe. Mpweya wa okosijeni ukakhudza pamwamba pa kachidutswa, ndipo madzi akakhala ndi kaasidi pang'ono, siliva amachoka pang'onopang'ono n'kulowa m'madzi. Zili ngati mchere: wa mibulu umachedwa kusungunuka mundiwo, wosinja umasungunuka pompo, chifukwa malo okhudzana ndi madzi achuluka. N'chifukwa chake tizidutswa tating'onoting'ono timatulutsa siliva msanga kuposa ndolo.

Mabeseni awiri

Ndinafika kwa bambo a nsomba aja dzuwa litakwera. Anali atazitola kale n'kuziyala pa thumba, timakumba totalika ngati chala. Nkhani yawo inali yakuti dzulo lake madzulo anakokola mbewu m'damu lawo laling'ono kuti m'mawa akapereke kwa mlimi mnzawo wa mudzi wina. Anaigawa m'mabeseni awiri, n'kuthiramo madzi a mvula ochokera mu mgolo wa pansi pa malata, poganiza kuti ndiwo oyera. Kutacha, za m'beseni limodzi zinali zitayandama mimba kumwamba. Za m'beseni linalo zinali zamoyo zonse.

"Alangizi, ine nsomba ndaweta zaka zambiri," anatero. "Zikafa ndi kusowa mpweya zimafa konsekonse. Izi wina wandithirira."

Mawu amenewo anali atayamba kale kuyenda m'mudzi, ndipo panali dzina la munthu lomwe linkatchulidwa. Ndicho chinandikhalitsa pansi kuti ndifufuze bwinobwino, chifukwa nkhani ya mtundu uwu ikafika kubwalo la amfumu yopanda umboni, imasiya mabala okhalitsa.

Ndinayamba ndi zomwe zimapha nsomba kawirikawiri. Kuchuluka kwa nsomba kunali kofanana m'mabeseni onse, mabeseniwo anali ofanana kukula, ndipo anagona pakhonde limodzi. Madzi anali a mu mgolo umodzi, choncho zinki wochokera ku malata, amenenso amavutitsa nsomba, akanakhudza onse awiri. Panalibe fungo la mankhwala a kumunda kapena sopo. Nditakhuthula madzi m'beseni la nsomba zakufa lija, ndinaona m'mbali mwake mzere wotuwa moderako, wonga umene tiyi amasiya m'kapu yosatsuka. Nditapaka chala unatsalira pachala. Ndinafunsa kuti beseni ndi la ndani.

Mayi a pakhomopo ndi omwe anayankha, motsitsa mawu: "Ndinabwereka ku shedi kuja, bambo. Ndi lomwe timatsukiramo maburashi. Koma linali louma."

Kuumako ndiye kunali vuto. Madzi otsukira maburashi akauma, tizidutswa ta siliva timatsalira pa pulasitiki, ndipo masiku onse omwe tili pa mpweya pamwamba pake pamachita kachikutu ka siliva wogwirana ndi okosijeni, kofanana ndi dzimbiri pa chitsulo. Kachikutu kameneka kamasungunuka msanga madzi akangofika. Tsono madzi omwe anafika anali a mvula, ndipo pa madzi onse a m'mudzimo amenewa ndiwo oipitsitsa pa nkhaniyi. Madzi a mvula amakhala ndi kaasidi pang'ono mwachilengedwe, pH yake, womwe ndi muyeso wa asidi, imakhala cha pa 5.6 chifukwa cha mpweya wa kaboni dayokisaidi, amakhala ndi okosijeni wokwanira, ndipo mulibe mchere, mulibe laimu, mulibe zowola za masamba. Siliva akasungunukamo sapeza choti agwirane nacho, amangoyendayenda mpaka atapeza mopumira nsomba.

Akafika pa timinofu tofiira ta m'mbali mwa mutu tija, siliva amatseka kagwiridwe ntchito ka timapampu tomwe nsomba ya m'madzi opanda mchere imakokera nato sodiyamu kulowa m'magazi. Nsomba imayamba kutaya mchere wa m'thupi osaubwezeretsa, magazi amalimba, mtima umalephera. Mlingo wofunika kuti izi zichitike ndi wochepa modabwitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu akhoza kumwa madzi okhala ndi siliva wofika mamiligalamu 0.1 pa lita popanda chiopsezo, koma nsomba zina zimafa ndi siliva wosungunuka wochepera kakhumi pa mlingo umenewo, makamaka zikadali zazing'ono. Madzi omwe mwana angamwe osamva kanthu akhoza kupululutsa beseni lonse la mbewu.

Bambo aja anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa funso lomwe ndimalilemekeza mpaka lero. "Nanga alangizi, amayiwa akhala akutaya madzi omwewo m'ngalande miyezi yonseyi, ngalandeyo imatsikira m'dambo, dambolo ndi lomwe limadzaza damu langa. Bwanji za m'damu sizinafe?"

Mabotolo asanu

Kuyankha ndi pakamwa sikukanakwanira. Tsiku lotsatira ndinabwera ndi mabotolo agalasi asanu otsuka bwino, ndipo tinakumana pa shedi, amayi a gulu, bambo aja ndi nduna ya amfumu. M'botolo loyamba tinathira madzi a mvula, lachiwiri a pa mjigo, lachitatu a m'dambo ofiirira aja, lachinayi madzi a pansi pa damu pamodzi ndi thope lakuda, lachisanu madzi a pa mjigo othira klorini monga mmene a zaumoyo ankalangizira. M'botolo lililonse tinadonthezamo mankhwala ofanana mpaka madzi anachita chikasu, n'kuwandanda pa alumali.

La klorini ndilo linayamba kuonetsa. Tisanabalalike chikasu chija chinali chitazilala, madzi atachita mbuu ngati mwagwera dontho la mkaka. Klorini amadya siliva mwachangu kuposa okosijeni, ndipo siliva wosungunukayo amagwirana ndi kloraidi wochokera mu klorini momwemo n'kupanga ufa woyera wotchedwa AgCl, umene susungunuka kwenikweni. Botololo titaliika padzuwa, ufa uja unayamba kuda motuwira. Ndi kusintha komweko komwe ojambula zithunzi akale ankadalira pa mafilimu awo.

La thope linali litada pofika mawa lake. Amene anakumbapo pansi pa damu amalidziwa fungo lija la dzira lowola. Limachokera ku sulufule, amene tizilombo ta m'matope opanda mpweya timapanga tikamadya zowola. Siliva ndi sulufule akakumana amagwirana zolimba n'kupanga Ag2S, chinthu chakuda chomwe chili m'gulu la zinthu zovuta kwambiri kusungunuka m'madzi. Ndi kuda komweko komwe kumagwira ndolo kapena supuni ya siliva ikakhalitsa. Kachidutswa kakakutidwa ndi chikutu chakudachi, kamasiya kutulutsa siliva, ukali wake umatha. Kumaiko komwe anayeza madzi a m'masuweji anapeza zomwezi: siliva wambiri wochokera ku zovala ndi zodzola amathera m'matope ali wogwirana ndi sulufule.

La pa mjigo linatenga masiku. Madzi a mjigo wa m'mudzimo ndi aja ovuta kuchita thovu, osiya zoyera m'ketulo, chifukwa ali ndi kashiamu ndi maginiziyamu. Tizidutswa ta siliva timatha kuyandama chifukwa timakankhana, komanso opanga mankhwala amatikuta ndi zinthu zoti tisamatirirane. Kashiamu amafooketsa kukankhanako. Pang'ono ndi pang'ono chikasu chinayamba kutuwa, ndipo pansi pa botolo panakhala kanthu kotuwa. Tizidutswa tikaunjikana choncho timamira, ndipo malo okhudzana ndi madzi amachepa.

La m'dambo ndilo linandiphunzitsa zambiri, ngakhale kuti kwa ongoyang'ana silinachite chodabwitsa. Mtundu wake unangokhala momwemo sabata yonse, pansi osakhala kanthu. Kufiirira kwa madzi a m'dambo kumachokera ku udzu, mizu ndi masamba owola, ndipo zowolazi zimachita zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Zimakuta tizidutswa n'kutiletsa kuunjikana, ndiye timayandama nthawi yaitali ndipo tikhoza kuyenda ndi madzi mtunda wautali. Koma zimagwiranso siliva wosungunuka, kotero kuti wofika pa nsomba amachepa, ndipo zimachedwetsa kusungunuka kwenikweniko. Pali china chomwe akatswiri anapeza, chimene ndinachiwerenga kawiri ndisanachivomere: padzuwa, zowola zomwezi zimatha kubweza siliva wosungunuka kuti akhalenso tizidutswa. Ndiye kuti m'madzi a dambo kusinthaku kumayenda uku ndi uku.

La mvula linangokhala lachikasu, loyera bwino, lokongola kuposa onse. Mayi wina anati, "Ili ndiye labwinobwino." Ndinawauza kuti limenelo ndilo lofanana ndi beseni lija, chifukwa siliva wosungunuka alibe mtundu ndipo m'menemo mulibe chomugwira.

Yankho la funso la bambo aja linali pa alumali. Madzi otsukira maburashi ankalowa m'ngalande ali ochepa, n'kusakanikirana ndi madzi ambiri a dambo, n'kudutsa m'matope, mu udzu ndi m'zowola asanafike ku damu. Pofika kumeneko siliva wotsala anali womangika kale. M'beseni munalibe dambo, munalibe thope. Nduna ya amfumu inanyamula botolo lakuda ndi lachikasu lija kukaonetsa kubwalo, ndipo dzina la munthu lomwe linkatchulidwa silinamvekenso.

Mphika wa pakhomo paja

Botolo la klorini ndi lomwe linandibwezera ku dandaulo lachiwiri. Ana aja anali atachira, anapita kuchipatala msanga ndipo sanali kolera. Nditachotsa mphika pa ndowa ndinaona kuti mkati mwake mwayera mbee, mosiyana ndi miphika ina ya m'gulu lomwelo, ndipo pansi pake kunja panali poterera. Mundowa namo, pafupi ndi mpopi, munali moterera.

Mayi a pakhomopo ndi aukhondo kwambiri, ndipo ukhondo womwewo ndi umene unawapweteketsa. Kolera atafika, a zaumoyo anagawa klorini wosungunula kale m'mabotolo ndi uthenga woti madzi onse akumwa athiridwe mankhwala. Mayiwa ankathira klorini mundowa yotungira, n'kudikira mphindi 30 monga anauzidwa, kenaka n'kuthira madziwo mu mphika wosefera. Loweruka lililonse ankaukwechanso ndi klorini wosasukulutsa. "Ndimati ndiphe kawiri, alangizi," anatero. Masabata angapo a zimenezi anakokolola siliva yense. Klorini atatha kugawidwa, anabwerera ku madzi a pachitsime osathira kanthu, akudalira mphika womwe unali utatsala dothi lokha.

Apa ndiyenera kunena mosamala. Mphika wopanda siliva umasefabe, timabowo take timagwira tizilombo tambiri ndithu. Ntchito ya siliva ndi kuwonjezera pamenepo komanso kuletsa tizilombo kuswana m'dothi ndi kunsi kwa mphika. Kuterera kuja kunali chizindikiro choti taswana. Mphikawo ndinaugogoda ndipo unalira bwino, unalibe mng'alu, madzi ankadontha pa liwiro loyenera. Chigamulo changa chinali chakuti madzi ankadetsedwa atasefedwa kale, kunsi kwa mphika ndi mundowa.

Cholakwa sichinali cha mayiwa, kapena cha omwe anagawa klorini, amene anapulumutsa miyoyo yambiri chaka chimenecho. Chinali chathu ife obweretsa miphika. Malangizo a opanga amanena poyera kuti mphika usatsukidwe ndi klorini, koma ife tinawanena kamodzi tsiku logawa, chilimwe, kolera asanafike kuno. Uthenga wa klorini utabwera, sitinabwerere kukafotokoza kuti ziwirizi ziyendere limodzi motani. Ine ndemwe ndinadutsa m'mudzimo kawiri m'nyengo imeneyo osafunsa.

Zomwe tinachita

Mphika wa mayi aja tinauumitsa n'kuupakanso siliva, ndipo madzi oyamba kusefa anawataya monga timachitira ndi mphika watsopano, popeza ndi omwe amatuluka ndi siliva wambiri. Tinayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, tikunena chinthu chimodzi tonse: klorini apite mundowa ya pansi, madzi atasefedwa kale, ndipo ndowa ndi mpopi zitsukidwe ndi klorini kapena sopo, koma mphika utsukidwe ndi burashi yakeyake ndi madzi osefa okha. Tinapeza makomo ena omwe ankachita ngati mayi aja, ndipo miphika yawo tinaipakanso.

Ku shedi tinasintha zinthu zochepa. Beseni lotsukira maburashi tinalilemba ndi penti wofiira ndipo silituluka. Madzi otsukira satayidwanso, amasungidwa m'chigubu chotseka, pamthunzi, n'kugwiritsidwa ntchito posakaniza mankhwala a miphika yotsatira, zomwe zachepetsanso kuwononga mankhwala odula. Posakaniza amagwiritsa ntchito madzi osefa opanda klorini, chifukwa botolo lachisanu lija linawaonetsa amayi kuti madzi a klorini amapha mankhwala asanafike n'komwe pa mphika. Mmodzi wa iwo anavomera kuti m'masabata a kolera anasakanizapo ndi madzi a klorini, ndiye gulu la miphika imeneyo tinaliitanitsa.

Amayi ena anafunsa kuti ngati dambo limamanga siliva, bwanji osangopitiriza kutayira m'ngalande. Ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Siliva ndi chitsulo, sawola ngati manyowa ndipo satha ngati klorini. Dambo limangomusunga. Womira m'thope amakhala momwemo, kumene nyongolotsi, nkhono ndi milamba zimafukula chakudya. Woyandama ndi zowola uja amatsika ndi madzi, ndipo madzi a madambo a kuno amathera mu mtsinje wa Linthipe, umene umakathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Shedi imodzi ndi yaing'ono poyerekeza ndi mtsinje, koma siliva wa mtundu uwu tsopano akupezeka m'zinthu zambiri, mabandeji a zilonda, masokosi oletsa fungo, zodzola zina, ndipo chilichonse mwa izi chimadzachapidwa kapena kutayidwa penapake. Chomwe tingathe kuletsa pa shedi yathu n'chosavuta kuletsa.

Bambo a nsomba aja gulu la amayi linawapepesa, ndipo anagwirizana okha za kabwezedwe ka mbewu yawo. Ndinawalangiza kuti posunga kapena kunyamula mbewu azigwiritsa ntchito madzi a m'damu momwe nsombazo zachokera, m'chiwiya chawochawo. Chilimwe chotsatira anaphwetsa damu lija kuti alikonze, ndipo mwa chizolowezi thope la pansi amakathira ku dimba. Tinagwirizana kuti la pakamwa pa ngalande, pomwe madzi a ku shedi ankalowera, alikumbe padera. Analiunjika pa chulu chakumtunda, kutali ndi masamba ndi chitsime, n'kubzalapo nsenjere kuti mvula isalikokolole.